MANJA OLANDIRA ODWALA AKHALE OYERA

Mau olankhulidwa kwa atsogoleri a m'madera ndi ogwira ntchito za Boma a m'maboma a Machinga ndi Balaka



Nkhani ya tsiku lino imamveka yaing'ono, pakuti ikunena za madzi, sopo ndi manja a munthu. Ena angadabwe kuti chinthu chimene mwana amaphunzira ali mu Sitandade 1 chisonkhanitse akuluakulu otanganidwa ndi ntchito za dziko. Koma manda ambiri adakumbidwa chifukwa cha chinthu chaching'ono chomwechi, ndipo ena mwa anthu amene adagonamo adapita ku chipatala ali ndi nthenda yochizika, kapena ali ndi pathupi chabe, nakatenga nthenda yowapha pa bedi pomwepo.

Mu 2007 Boma lidaletsa azamba a m'midzi kubereketsa amai, ndipo lidapempha kuti mai aliyense woyembekezera azikachirira ku chipatala. Mafumu ambiri adathandiza poika malamulo m'midzi mwao, ena mpaka kulipiritsa chindapusa banja limene mai wachirira pakhomo. Atsogoleri a ndale, a mipingo ndi a mizikiti adalalikira uthenga womwewo. Amai adamvera. Kafukufuku wa Boma wa za chiwerengero cha anthu ndi umoyo wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti ana 91 mwa 100 alionse anali kubadwira ku chipatala. Koma kafukufuku yemweyo adapezanso kuti amai 439 anali kumwalira pa ana 100,000 alionse obadwa amoyo, ndiponso kuti makanda 27 mwa 1,000 alionse anali kumwalira usanathe mwezi woyamba. Matenda olowa m'thupi pa nthawi yobereka ali m'gulu la zifukwa zikuluzikulu za imfa zotere, pamodzi ndi kutaya magazi ndi kuthamanga kwa magazi.

Akuluakulu adati walira mvula walira matope. Amene adaitana amai kuti achoke m'manja mwa azamba a m'mudzi adatenga ngongole, ndipo ngongoleyo ndi yakuti manja amene akawalandire ku chipatala akhale oyera koposa amene adawasiya kumudzi. Ngongole imeneyi siili pamutu pa namwino yekha. Ili pamutu pa aliyense amene adalankhulapo pa msonkhano, amene adasaina pepala la ndalama, ndi amene amasunga makiyi a nyumba yosungira katundu.

Maboma awiriwa ali ndi anthu ambiri. Kalembera wa 2018 adapeza anthu oposa 700,000 m'boma la Machinga ndi oposa 400,000 m'boma la Balaka, limene lidapatulidwa ku Machinga mu 1998. Anthu onsewa amadalira chipatala chachikulu cha boma la Machinga chimene chili ku Liwonde, chipatala chachikulu cha Balaka, ndi zipatala zing'onozing'ono monga za ku Ntaja, Nsanama, Chikweo, Nayuchi, Mposa, Ulongwe, Kalembo, Mbera, Utale ndi Phalula. Nthenda ikakula, wodwala amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Zomba. Mai wochokera kufupi ndi nyanja ya Chiuta amene zavuta pobereka angathe kupimidwa ndi anthu angapo tsiku limodzi: pa chipatala cha kwao, m'ambulansi, polandirira odwala ku Liwonde, ndi ku fiyeta. Aliyense wa anthu amenewa angathe kumupulumutsa, ndipo aliyense angathenso kumpatsa nthenda osadziwa.

MMENE NTHENDA IMAYENDERA

Tizilombo toyambitsa matenda sitioneka ndi maso, ndipo tambiri sitiuluka kuchoka pa bedi lina kupita pa lina. Nthawi zambiri timanyamulidwa. Timakhala pa khungu la wodwala, m'mafinya, m'magazi, m'chimbudzi, pa nsalu zofunda, pa zitsulo za bedi, pa faelo ya wodwala, ngakhale pa foni ya m'manja. Wachipatala akagwira chimodzi cha zinthu zimenezi, tizilomboto timatsalira ku zala zake ndipo timakhala tamoyo kwa nthawi yokwana kufika pa wodwala wachiwiri. Khungu la munthu wabwinobwino ndi linga lolimba, koma wodwala ali ndi zipata zotseguka: bala la opaleshoni, njira yoberekera ya mai amene wangochira kumene, mchombo wa khanda, pamene abaya singano ya diripi, ndi kapaipi kotulutsira mkodzo. Dzanja losasamba likafika pa zipata zimenezi, tizilombo timalowa m'magazi, thupi limatentha, ziwalo zimayamba kufooka, ndipo pamasiku owerengeka munthu amene ankayembekezera kutuluka m'chikuta amatuluka ali mtembo.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO lidalengeza mu 2022 kuti mwa odwala 100 alionse ogonekedwa m'zipatala, 7 m'maiko olemera ndi 15 m'maiko osauka ndi ongotukuka kumene amatenga nthenda ina ali m'chipatala momwemo. Mwa anthu 10 alionse otenga nthenda mwa njira yotere, mmodzi amamwalira. Bungwelo lidanenanso kuti pamene ukhondo wa m'manja ndi njira zina zotsika mtengo zitsatidwa bwino, matenda 70 mwa 100 otere angathe kupewedwa.

PHUNZIRO LA KU VIENNA

Nzeru imeneyi idagulidwa ndi miyoyo ya amai. Pa chipatala chachikulu cha mu mzinda wa Vienna, ku Austria, padali zigawo ziwiri zoberekera. M'chigawo choyamba munkaphunzira anyamata a udokotala, m'chachiwiri munkaphunzira azamba. Kuyambira 1841 mpaka 1846, amai pafupifupi 10 mwa 100 alionse ankamwalira m'chigawo cha madokotala ndi nthenda yotentha thupi atangobereka, pamene m'chigawo cha azamba ankamwalira pafupifupi 4. Mbiri idafala mu mzindamo, kotero kuti amai ena ankalira popempha kuti asawagoneke kwa madokotala.

Dokotala wina wachinyamata wa ku Hungary, Ignaz Semmelweis, adavutika mtima ndi kusiyana kumeneku. Mu Malichi 1847 mnzake, Jakob Kolletschka, adachekedwa ndi mpeni pong'amba mtembo, ndipo adamwalira ndi zizindikiro zofanana ndi za amai aja. Apa Semmelweis adazindikira kuti madokotala ndi ophunzira ao ankachoka kong'amba mitembo ndi kupita kukapima amai ndi manja omwewo, chinthu chimene azamba sankachita. Mu Meyi 1847 adalamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a kolorini asanakhudze mai. Mu Epulo chaka chimenecho amai 18 mwa 100 adamwalira m'chigawo chija. Mu Juni adamwalira 2 mwa 100.

Chomvetsa chisoni nchakuti madokotala akuluakulu ambiri a nthawi imeneyo adakana kumvera, pakuti kudali kowawa kuvomera kuti imfa zija zinkachokera m'manja mwao. Semmelweis adamwalira mu 1865 asanaone nzeru yake ikulandiridwa. Padatenga ntchito ya Louis Pasteur ku France, ndi ya Joseph Lister amene mu 1867 adalengeza njira yake yophera tizilombo pa opaleshoni ku Glasgow, kuti dziko livomereze. Nkhani ya ku Vienna ikuphunzitsa kuti maphunziro apamwamba sayeretsa manja, ndiponso kuti kudzimva ukulu kungathe kuchedwetsa chinthu chopulumutsa moyo kwa zaka zambiri.

LAMULO LAKE

Lamulo la masiku ano ndi lalifupi, ndipo mtsogoleri aliyense ayenera kulidziwa kuti akamafunsa azifunsa zomveka. Mu 2009 bungwe la WHO lidatulutsa malangizo otchula nthawi zisanu zimene wachipatala ayenera kuyeretsa manja ake. Yoyamba ndi asanakhudze wodwala. Yachiwiri ndi asanagwire ntchito yofuna ukhondo wapadera, monga kutsuka bala, kubaya jakisoni, kuika diripi kapena kupima mai amene ali pa matenda. Yachitatu ndi atangokhudza magazi, mafinya, mkodzo, masanzi kapena chimbudzi. Yachinayi ndi atatha kukhudza wodwala. Yachisanu ndi atakhudza zinthu zozungulira wodwalayo, ngakhale mwiniwakeyo sadamukhudze. Ziwiri zoyambazo zimateteza wodwala amene ali pamaso pake. Zitatu zotsalazo zimateteza wachipatalayo, banja lake ndi wodwala wa pa bedi lotsatira.

Njira zake ndi ziwiri. Kusamba ndi sopo ndi madzi oyenda kumatenga masekondi 40 mpaka 60, kupaka sopo m'zikhatho, kuseri kwa manja, m'mipata ya zala, ku zala zazikulu ndi ku nsonga za zala, kenaka kuumitsa ndi chinthu choyera chogwiritsa ntchito kamodzi. Thaulo limodzi lopachika pa msomali kuti lipukute wodi yonse limabwezera m'manja zimene sopo wachotsa. Njira yachiwiri ndi kupaka sanitaiza, kumene kumatenga masekondi 20 mpaka 30, kufikira manja atauma okha. Manja akaoneka akuda, kapena akakhala ndi magazi, kapena munthu akachoka ku chimbudzi, pafunika sopo ndi madzi basi.

Magolovesi salowa m'malo mwa kusamba. Wachipatala amene avala magolovesi amodzi kuyambira bedi loyamba mpaka lotsiriza wadziteteza yekha, koma wagawira wodi yonse zimene adatola panjira. Magolovesi amavulidwa akatha wodwala mmodzi, ndipo manja amayeretsedwa akangovulidwa. Zikhadabo zazitali, zikhadabo zomatika, mphete ndi zibangili ndi malo obisalamo tizilombo, chotero siziyenera kupezeka pa dzanja logwira odwala.

CHIFUKWA CHAKE LAMULO LIMASWEKA

Nkwapafupi kudzudzula anamwino, koma woweruza wabwino amayamba waona katundu amene wozengedwa mlandu wasenza. Mwachitsanzo, namwino mmodzi akhale ndi odwala 40 usiku, ndipo ayeretse manja kawiri kokha pa wodwala aliyense. Kumeneko ndi kusamba ka 80 pa ulendo umodzi wozungulira wodi. Ngati kusamba kulikonse kutenga mphindi imodzi, ola limodzi ndi mphindi 20 zathera pa sinki, osawerengera kuyenda kupita ndi kubwera. Ngati sinkiyo ili kumapeto kwa khonde, kapena mpopi wake ndi wouma, lamulo lasweka kale namwinoyo asanayambe ntchito.

Vuto limeneli adalipezera njira ku Geneva, m'dziko la Switzerland. Pa chipatala cha yunivesite ya mu mzindawo, Pulofesa Didier Pittet ndi anzake adaika mabotolo a sanitaiza pa bedi la wodwala ndi m'matumba mwa ogwira ntchito, adapachika zikumbutso m'makoma, ndipo ankawerenga kangati anthu akuyeretsa manja ndi kuwauza zotsatira zake. Mu 1994 ogwira ntchito ankayeretsa manja pa nthawi 48 mwa 100 zoyenera. Pofika 1997 zidafika 66. Odwala otenga matenda m'chipatalamo adatsika kuchoka pa 17 mwa 100 mu 1994 kufika pa 10 mwa 100 mu 1998. Mu 2005 bungwe la WHO lidatenga njira imeneyi kuti ifalikire maiko onse.

Wina anganene kuti zimenezo ndi za maiko olemera. Koma njira yomweyo idayesedwa pa chipatala cha Point G mu mzinda wa Bamako, ku Mali, kumene sanitaiza ankapangidwa pa chipatala pomwepo. Kuyeretsa manja kudakwera kuchoka pa nthawi 8 mwa 100 kufika pa 22. Nambala imeneyi ikadali yotsika, ndipo ikuonetsa kutalika kwa ulendo. Koma ikuonetsanso kuti chipatala cha mu Africa chosowa zipangizo chingathe kusuntha.

Kapangidwe ka sanitaiza si chinsinsi. Malangizo a WHO amati popanga malita 10 pafunika mamililita 8,333 a ethanol wa mphamvu ya 96 pa 100, mamililita 417 a hydrogen peroxide wa 3 pa 100, mamililita 145 a glycerol woteteza khungu kuti lisaume, ndi madzi owiritsa ozizira odzazira muyeso wotsalawo. Mabotolo amasungidwa maola 72 asanayambe kugwira ntchito. Iyi ndi ntchito ya akatswiri a zamankhwala, osati ya munthu wamba, ndipo kachasu wa m'mudzi sangalowe m'malo mwake popeza mphamvu yake siidziwika. Chofunika kuchidziwa nchakuti dziko lino limapanga lokha ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe popanga shuga: kampani ya Ethco ku Dwangwa idayamba mu 1982, ndipo ya PressCane ku Chikwawa idayamba mu 2004. Chotero chinthu chachikulu chopangira sanitaiza sichifuna ndalama zakunja.

Popeza m'maboma awiriwa muli Asilamu ambiri, pakati pa odwala ndi pakati pa ogwira ntchito omwe, nkoyenera kutchula kuti sanitaiza ndi mankhwala opaka pa khungu amene amauma pomwepo, osati chakumwa. Pamene bungwe la WHO linkayesa njira imeneyi, zipatala za ku Saudi Arabia ndi ku Pakistan zidali m'gulu la zoyesera, ndipo zidaigwiritsa ntchito. Anthu amene amatawaza asanapemphere, ndiponso mtundu umene suyamba nsima madzi osamba m'manja asanabwere, safunika kuphunzitsidwa kuti manja oyera ndi ulemu. Chofunika ndi kuti mwambo wa pa mphasa ulowe m'wodi, ndipo ulowe ndi sopo.

MADZI

Sanitaiza amachepetsa ntchito, koma chipatala chopanda madzi si chipatala. Mai amene wachira ayenera kusamba, zipangizo ziyenera kutsukidwa, pansi payenera kukolopedwa. Lipoti la WHO ndi UNICEF la 2022 lidapeza kuti theka la zipatala za pa dziko lapansi lilibe malo okwanira oyeretsera manja, ndiko kuti sopo ndi madzi kapena sanitaiza pamene odwala amathandizidwira, ndi sopo ndi madzi ku zimbudzi.

Anthu a ku Balaka akudziwa tanthauzo la mau amenewa. Mu 2018 damu la Mpira, la m'boma la Ntcheu, limene mipopi ya Balaka ndi midzi yambiri yozungulira inkadalira, lidaphwa, ndipo anthu adavutika kwa miyezi yambiri. Mtsinje wa Shire umadutsa pa Liwonde usiku ndi usana, koma madzi a mu mtsinje sathandiza mzamba amene ali makilomita ambiri kutali nao pakati pa usiku. Chotero chipatala chilichonse chiyenera kukhala ndi njira yachiwiri yopezera madzi: mjigo wakewake, thanki yosungira, kapena pampu ya sola. Pamene mipopi yauma, ndowa yovundikira yokhala ndi kampopi m'munsi, ndi beseni lolandirira madzi akuda, imagwira ntchito ya sinki. Ku chidikiro ndi ku khitchini ya magadiyani, mpondagiya wa chigubu ndi chingwe amakwanira, malinga pakhale sopo ndi munthu wodzazamo madzi. Chosaloleka ndi beseni limodzi loviikamo manja anthu onse.

Chaka cha 2022 chidapereka chenjezo lina. Kumayambiriro kwa Malichi, patangopita milungu yochepa chichitikire namondwe wa Ana, Unduna wa Zaumoyo udalengeza kuti kolera yapezeka, ndipo wodwala woyamba adatsimikizidwa pa chipatala cha boma la Machinga. Mliriwo udafika m'maboma onse a dziko lino, ndipo pa 5 Disembala 2022 udalengezedwa kuti ndi ngozi ya zaumoyo yogwera dziko. Anthu pafupifupi 59,000 adadwala ndipo oposa 1,700 adamwalira, kuposa mliri wina uliwonse wa kolera chifikire nthendayi m'dziko muno mu 1973. Boma la Machinga limakumana ndi kolera kawirikawiri chifukwa cha nyanja ya Chilwa, kumene asodzi ena amakhala m'zimbowera pamwamba pa madzi omwe amamwa. Nzoona kuti kolera imafala makamaka kudzera m'madzi ndi m'zakudya, koma mu msasa wa odwala kolera manja a wachipatala ndi a gadiyani ndiwo angathe kuitengera kunja kwa mpanda. Nchifukwa chake m'misasa yotere mumakhala madzi a kolorini a mphamvu zitatu: 0.05 pa 100 osambira m'manja, 0.2 pa 100 otsukira pansi ndi mabedi, ndi 2 pa 100 othira m'masanzi ndi m'chimbudzi cha odwala. Ndowa zimene zidaikidwa pa zipata za zipatala m'masiku a Covid-19 ndi a kolera siziyenera kudikira mliri wina kuti zidzazidwenso.

MANKHWALA AKUCHEPA MPHAMVU

Pali chifukwa china chimene nkhaniyi yakulira m'zaka zino. Kale wachipatala ankadzitonthoza kuti wodwala akatenga nthenda m'wodi, jakisoni alipo. Chitonthozo chimenecho chikutha. Akatswiri adasanthula magazi a odwala a pa chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth ku Blantyre kuyambira 1998 mpaka 2016. Adapeza kuti mu 2003 tizilombo totchedwa Klebsiella tosamva mankhwala a gulu la ceftriaxone tidali 12 mwa 100. Pofika 2016 tidali 90 mwa 100. Kwa tizilombo ta E. coli nambalayo idakwera kuchoka pa osakwana 1 kufika pa 30 mwa 100. Ceftriaxone ndi jakisoni amene zipatala za m'maboma zimadalira wodwala akafika ali mwakayakaya, ndipo mankhwala otsatira pambuyo pake ndi odula ndi osowa. Klebsiella ndi kachilombo kokonda mawodi a makanda. Madzi akatayika saoleka: khanda limene latenga kachilombo kosamva mankhwala lingathe kumwalira dokotala ali pomwepo. Mtanda wa sopo umatchinga nthenda imene mankhwala a mu famase sangathe kuichiza.

Umboni wakuti kusintha nkotheka ulipo, ndipo ndi wa m'dziko momwe muno. Mu Novembala 2025 magazini ya madokotala ya New England Journal of Medicine idasindikiza zotsatira za kafukufuku wotchedwa APT-Sepsis, amene adachitika m'zipatala 59 za m'Malawi ndi Uganda ndipo adakhudza amai oposa 430,000. Ntchitoyo idaima pa miyendo itatu: kuyeretsa manja pa nthawi zisanu zija, kupewa ndi kuchiza matenda a amai motsata malangizo, ndi kuzindikira msanga mai amene nthenda yamulowa m'magazi kuti athandizidwe mosachedwa. M'zipatala zimene zidatsata dongosolo limeneli, imfa ndi kudwala kwakukulu kobwera ndi matenda otere zidachepa ndi 32 pa 100 poyerekeza ndi zipatala zinzake. Sipadamangidwe nyumba zatsopano. Anamwino, azamba ndi madokotala omwewo ndiwo adasintha kagwiridwe ka ntchito, motsogozedwa ndi anzao osankhidwa pa chipatala pomwepo.

UDINDO WA ALIYENSE

Tsono ngongole ija ibwezedwe motani? Chiyambire lamulo la maboma ang'ono la 1998, mphamvu zambiri zidapita ku makhonsolo, ndipo ndalama zoyendetsera zipatala za m'boma zimadzera kumeneko. Makhansala ndi akuluakulu a khonsolo, pokonza bajeti, aone kuti sopo, sanitaiza, kolorini, bilu ya madzi ndi ndalama zokonzera mipopi zalembedwa pa mzere waowao, ndipo zisakhale zoyamba kudulidwa pamene mafuta a galimoto kapena ndalama za misonkhano zaperewera. Mkulu wa zaumoyo m'boma, poyendera zipatala, ayambe watsegula mpopi wa m'chipinda choberekera asanatsegule mabuku. Kalaliki wosunga katundu aitanitse sopo wina woyamba asanathe, ndipo sopo wa Boma asapezeke pa msika kapena pa dambwe lochapira la kunyumba.

Woyang'anira chipatala asankhe munthu mmodzi woona za ukhondo, amene aziwerenga mwezi ndi mwezi kangati anzake akuyeretsa manja, ndipo zotsatira zake zizikambidwa poyera popanda kutchula maina. Nkhuyu zodya mwana zipota wamkulu: wophunzira amachita zimene akuona, ndipo dokotala wamkulu akadutsa sinki osaima, onse oyenda pambuyo pake adzadutsanso. Kafukufuku wa m'maiko ambiri adaonetsa kuti madokotala amayeretsa manja mocheperapo kusiyana ndi anamwino. Chotero pakhale mwambo wakuti namwino wamng'ono, ngakhale wokolopa m'wodi, angathe kukumbutsa bwana wake mwaulemu popanda kuopa. Okolopa, onyamula odwala ndi ochapa zovala aphunzitsidwe pamodzi ndi ena onse, pakuti manja ao amafika pamene a dokotala safika.

Makomiti oyang'anira zipatala zing'onozing'ono, pamodzi ndi mafumu ndi alangizi a zaumoyo, asamale mjigo wa pa chipatala monga asamalira wa m'mudzi, ndipo amene aba mapanelo a sola kapena mipopi ya chipatala atengedwe ngati mdani wa amai onse a m'deralo. Magadiyani, amene amadyetsa, kusambitsa ndi kutayira odwala ao, auzidwe tsiku loyamba kumene kuli madzi ndi sopo. Wodwala ndi gadiyani ali ndi ufulu wofunsa mwaulemu ngati wachipatala wayeretsa manja, ndipo wachipatala wodziwa ntchito yake sakwiya ndi funso lotere.

Atsogoleri a ndale a m'nthambi ndi m'madera ali ndi gawo lao, ndipo gawolo lili ndi malire. Si ntchito yao kulowa m'wodi ndi gulu la anthu kukakalipira namwino amene wagwira ntchito usiku wonse. Ntchito yao ndi kudziwa kuti ndi chipatala chiti cha m'dera lao chimene chilibe madzi, kuyambira liti, ndi chifukwa chiyani, kenaka kuitengera nkhaniyo kwa khansala, kwa phungu ndi kwa Bwanamkubwa kufikira mpopi utatuluka madzi. Pogawa ndalama za chitukuko cha m'dera, thanki ya madzi ya pa chipinda choberekera siikopa maso ngati nyumba yatsopano yodulira riboni, koma amai amene apulumuke chifukwa cha thankiyo ndi ovota omwewo, ndi ana ao.

Pa 5 Meyi chaka chilichonse maiko amakumbukira ukhondo wa m'manja m'zipatala, ndipo pa 15 Okutobala amakumbukira kusamba m'manja kwa anthu onse. Masiku amenewa ndi abwino, koma kuguba, malaya olembedwa ndi zolankhula sizitsuka dzanja la munthu. Machinga ndi Balaka adziyese ndi mafunso atatu osavuta, amene mfumu, khansala kapena kalaliki angathe kufunsa pa chipatala chilichonse tsiku lililonse. Kodi m'chipinda choberekera muli madzi lero? Kodi pambali pake pali sopo? Kodi pamene wodwala agona pali botolo la sanitaiza lokhala ndi kanthu m'kati? Pamene yankho lili ayi, pakhale dzina la munthu amene akonze, ndi tsiku limene akonzere.

Amai adasunga mbali yao ya pangano: adasiya azamba a kwao, nayenda mitunda italiitali pa njinga ndi pansi kukafika pamene adauzidwa. Yatsala ndi mbali ya amene adawaitana.